Kusintha mzati nyumba ili chiimire: kakwezedwe ka glibc pa Linux

Foni inalira cha m'ma 6 koloko madzulo, mwezi wa June, nthawi ija kuno ku Dedza chisanu chimayamba kuluma dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri. Anali mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito ya makompyuta. Masiku ena amakathandiza pa kaofesi ka gulu lina la alimi a mbatata ya kachewere cha ku Bembeke.

"Achimwene, kompyuta ija yasiya kumva. Chilichonse ndikalemba ikungobweza mawu amodzimodzi."

Ndinati andiwerengere. Anawerenga mododoma, liwu limodzilimodzi:

`ls: error while loading shared libraries: libc.so.6: cannot open shared object file: No such file or directory`

"Iwe, wakhudza chiyani?"

Anayamba wazungulira kaye, kenaka n'kuulula. Pulogalamu ina yatsopano inkakana kuyamba pa Ubuntu 20.04 wa mu ofesimo, ikudandaula kuti `GLIBC_2.34 not found`. Iye anaona kuti laputopu yake ya Ubuntu 22.04 ikuiyendetsa bwinobwino, ndiye anakopera fayilo ya `libc.so.6` pa fulashi. Atafika pa kompyuta ya ofesi anasintha dzina la yakale ija ndi `sudo mv` kuti apeze poika yatsopano. Lamulo lachiwiri, lokopera, silinagwirenso. Ngakhale `sudo` weniweniyo, lamulo lopatsa mphamvu za woyang'anira makina, anali atagona.

Sindinamukalipire kwambiri, pakuti ambiri mwa ife tinaphunzira chimodzimodzi. Malangizo awa ndi amene ndinayenera kumupatsa asanapite kumeneko.

Chinthuchi n'chiyani kuti chigwetse zonse?

glibc ndi laibulale, kutanthauza nkhokwe ya ntchito zimene mapulogalamu amagawana, ya chilankhulo cha C yochokera ku GNU, ndipo `libc.so.6` ija ndi fayilo yake yayikulu. Anaiyamba ndi Roland McGrath chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo masiku ano mtundu watsopano umatuluka kawiri pa chaka. Pulogalamu ikafuna kutsegula fayilo, kupempha malo mu RAM, kufunsa nthawi kapena kusaka adiresi ya pa intaneti, siyankhula yokha ndi kernel, mtima wa Linux, ayi, imadzera kwa glibc. `ls`, `cp`, `mv`, `bash`, `sudo`, `apt`, ngakhale systemd amene amadzutsa makina onse, onsewa atsamira pamenepo. Pa Debian ndi Ubuntu phukusi lake limatchedwa `libc6`, pa Fedora ndi Red Hat ndi `glibc`.

Amene anakulira m'nyumba ya udzu akudziwa mzati wapakati. Ukadyedwa ndi chiswe umasinthidwa ndithu, koma palibe amene amauzula kaye kenaka n'kumakasaka wina kunkhalango. Mumayamba mwachirikiza denga, watsopano ali kale pafupi, ana mwawatulutsa panja.

Pali chinanso chimene mnyamata uja sankadziwa. `libc.so.6` siyenda yokha. Ili ndi mnzake, `ld-linux-x86-64.so.2`, amene ntchito yake ndi kunyamula malaibulale pulogalamu ikamayamba, ndipo awiriwa amayenera kukhala a mtundu umodzi. Ndiye ngakhale kukopera kuja kukanatheka, kompyuta ikanafabe, kungoti mawu a pa sikirini akanakhala ena.

Choyamba, dzifunseni kuti mukufuna kukweza chifukwa chiyani

Zifukwa zilipo ziwiri ndipo njira zake n'zosiyana kutalitali.

China ndi chitetezo. glibc imapezeka ndi ming'alu nthawi ndi nthawi. Mu January 2015 kunamveka wotchedwa GHOST, wokhudza kasakidwe ka maina a makina pa netiweki. Mu October 2023 kampani ya Qualys inalengeza wina, CVE-2023-4911, amene ankalola munthu wamba wolowa mu kompyuta kudzisandutsa root, mwini mphamvu zonse m'makinamo. Zoterezi zimafuna chigamba, ndipo eni ake a Ubuntu kapena Debian amasoka chigambacho pa mtundu womwewo muli nawowo. Nambala yayikulu sisintha. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa: amapanga update, kenaka akaona kuti ikunenabe 2.35 amaganiza kuti sizinatheke. Zinatheka, chasintha ndi timanambala takumapeto kwa dzina la phukusi.

Chifukwa chinacho ndi chija cha ku Bembeke, pulogalamu ikufuna glibc yoposa imene muli nayo. glibc yatsopano imayendetsa mapulogalamu akale popanda vuto, koma yakale singayendetse pulogalamu yomangidwira yatsopano. Apa `apt upgrade` sangakuthandizeni ngakhale mutamubwereza kakhumi, chifukwa mtundu uliwonse wa Ubuntu unamangidwa pa glibc imodzi mpaka imfa yake.

Onani chimene muli nacho:

`ldd --version`

`apt policy libc6`

Lamulo loyamba likupatsani nambala yayikulu, lachiwiri likuonetsani phukusi limene laikidwa ndi limene likudikira. Kuti mudziwe pamene mwaima: Ubuntu 18.04 ali ndi 2.27, 20.04 ali ndi 2.31, 22.04 ali ndi 2.35, 24.04 ali ndi 2.39. Debian 11 ali ndi 2.31, Debian 12 ali ndi 2.36. CentOS 7, amene chithandizo chake chinatha pa 30 June 2024, anatsalira pa 2.17.

Muwerengenso bwino dandaulo la pulogalamu. Likanena `GLIBCXX` m'malo mwa `GLIBC`, nkhani ndi ya laibulale ina, `libstdc++`, ndipo mzati musaukhudze n'komwe. Ndinaonapo munthu atatha tsiku lathunthu akulimbana ndi glibc pomwe vuto linali limeneli.

Chirikizani denga

Gawo ili ndi limene anthu amalumpha, komanso ndi limene limasiyanitsa ntchito ya mphindi khumi ndi ulendo wa m'mawa pa kabaza.

Yambani ndi backup. Mafayilo a anthu, foda ya `/etc`, ndi database ngati ilipo, zikopereni pa hadi disiki yakunja, osati pa disiki yomweyo. Ngati muli ndi Timeshift, jambulani makina mmene alili. Ngati ndi makina a mu VirtualBox kapena ena otero, tengani snapshot, ndi kudina kamodzi kokha. Pa kompyuta imene ofesi yonse imadalira, ine ndimakonda Clonezilla: imatenga nthawi, koma imabweza disiki yonse monga inalili. Mukatha tsegulani mafayilo awiri atatu a mu backup ija kuti muone ndi maso anu kuti alimodi.

Kenaka fulashi yodzutsira kompyuta, ya Ubuntu kapena Debian yemweyo amene ali m'makinamo. Musangokhulupirira kuti imagwira. Ilowetseni, dzutsirani kompyutayo pamenepo kamodzi, muone kuti ikufika. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu kuno ndi aja anabwera atagwirapo kale ntchito kwina, ndipo ena BIOS yake inatsekedwa ndi password imene palibe akuidziwa. Ndi bwino kudziwa zimenezi masana zinthu zili bwino.

Pa fulashi ina, kapena pa hadi disiki ya backup ija, sunganipo phukusi lenilenilo:

`apt-get download libc6 libc-bin`

Lamulo limeneli limangotsitsa mafayilo a `.deb` mu foda imene muli, siliika kanthu.

Ikaninso kachida kena kamene ine ndimakatcha khasu la pakhomo:

`sudo apt-get install busybox-static`

BusyBox ameneyu ananyamula zonse zofunika m'mimba mwake, sadalira `libc.so.6`. Tsiku limene `mv` ndi `cp` agona, `busybox mv` ndi `busybox cp` amagwirabe. Koma kuti akuthandizeni muyenera kukhala kale root, poti `sudo` adzakhala atagona nawo. Choncho tsegulani terminal yachiwiri, lembani `sudo -i`, ndipo muisiye chotsegula mpaka ntchito yonse itatha. Musaitseke ngakhale ikukusokonezani m'maso. Pulogalamu imene inayamba kale imapitiriza kuyenda ndi glibc imene inanyamula mu RAM, n'chifukwa chake terminal imeneyo imakhala moyo zina zonse zitafa. Mnyamata wanga akanakhala nayo, ndikanamuuza mzere umodzi pa foni n'kubwerera pa mbaula yanga.

Tsopano magetsi. Malangizo olembedwa ku Ulaya sanena zambiri pa nkhaniyi, koma kwathu kuno ndiyo nkhani yayikulu. Magetsi akazima `dpkg`, pulogalamu yoika mapukusi, ali pakati poika `libc6`, mukhoza kutsala ndi theka lakale theka latsopano. Laputopu ikhale ndi batire yodzadza ndiponso yolumikizidwa. Kompyuta ya patebulo ikhale pa UPS, ndipo UPS-yo muiyese: zulani pulagi kukhoma muone ngati ikugwiradi. Ambiri amene ndimawapeza m'maofesi amangolira kamodzi n'kuzima, batire inafa kalekale. Ngati mitambo yakuda ikubwera kuchokera mbali ya ku Mozambique ndipo ziphaliwali zayamba, ikani ntchitoyo mawa. Chigamba chimene chadikira sabata chikhoza kudikira usiku umodzi.

Ngati mukugwira pa seva ya kutali kudzera pa SSH, mwina muli pa boma pano seva ili ku Lilongwe, lowani kaye mu `tmux` kapena `screen`. Netiweki ikaduka, ntchito imapitirira kumeneko, ndipo mukalumikizanso mumangolemba `tmux attach` n'kupeza zonse pamene munasiyira.

Chomaliza, `df -h`, kuti muone malo otsala pa disiki. Disiki yodzadza imaimitsa ntchito pakati chimodzimodzi ndi magetsi. Lembaninso `sudo dpkg --audit`. Akakhala chete ndiye kuti palibe phukusi lotsalira theka kuchokera m'mbuyomu.

Kuika chigamba cha chitetezo

Mukakonzeka chonchi, ntchito yeniyeniyo ndi yaifupi.

`sudo apt-get update`

`apt-get -s install --only-upgrade libc6 libc-bin`

Ka `-s` ako kakutanthauza kuyerekeza chabe, palibe chosintha. Werengani zimene zatuluka. Si zachilendo ayi kuona `libc6-dev` kapena `locales` akukwezedwa limodzi, ndi a banja limodzi. Chofunika kuopa ndi mndandanda wa mapukusi amene akuti achotsedwa. Mukaona zotero imani pomwepo. Kawirikawiri zimasonyeza kuti munthu wina anaonjezera gwero lachilendo mu `/etc/apt/sources.list` kapena mu foda ya `sources.list.d`, ndipo muyenera kuyamba mwakonza zimenezo.

Kenaka tsitsani zonse musanaike chilichonse:

`sudo apt-get -d install --only-upgrade libc6 libc-bin`

Ndimachita dala pawiri chonchi chifukwa cha intaneti yathu. Bandulo ikathera pakati potsitsa palibe chaonongeka, mugula ina n'kupitiriza. Zonse zikafika, bwerezani lamulo lomwelo popanda `-d`, ndipo kuikako kudzatenga kanthawi kochepa, kopanda kudalira netiweki.

Nthawi zina pamatuluka sikirini yofunsa ngati mukulola kuti ntchito zina za m'makina ziyambitsidwenso. Ngati palibe amene akugwiritsa ntchito makinawo nthawi imeneyo, vomerani. Chachikulu, musadine Ctrl+C ngakhale zitaoneka ngati zaima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwina mukufunsa kuti nanga `dpkg` amatha bwanji kusintha fayilo imene iye mwini akuigwiritsa ntchito, pomwe ife tikayesa zimagwa? Iye amalemba fayilo yatsopano pambali ndi dzina lina, ikatha yonse n'kuisinthitsa dzina kamodzi n'kamodzi. Palibe mphindi imene dzina la `libc.so.6` limasowa, ndipo mapulogalamu amene akuyenda kale amagwirabe yakale ija mpaka atatsekedwa. Inu mukalemba `cp` pamwamba pa fayilo yakale, mumasintha mkati mwa fayilo imene aliyense waigwira m'manja, ndipo mapulogalamu amagwa motsatizana pamaso panu.

Izi zikutanthauzanso kuti chigamba sichinayambe kugwira ntchito mokwanira kufikira mapulogalamu akale aja atayambanso. `sudo needrestart` amakuonetsani amene akadali pa yakale. Pa Fedora ndi Red Hat funsani `dnf needs-restarting`. Koma kunena zoona, pa nkhani ya glibc ine sindisankha mmodzimmodzi. Ndimayesa kaye mu terminal yatsopano kuti `ls` ndi `sudo ls` akugwira, kenaka ndimazimitsa n'kuyatsanso makina onse ndili pomwepo. Seva imene siinayatsidwenso chikwezereni imadzakudzidzimutsani tsiku lina magetsi atabwera inu muli ku maliro ku Mayani.

Pulogalamu ikafuna glibc yoposa yanu

Apa ndi pamene anthu amapsa zala. Njira zabwino zilipo, ndipo ndizitchula monga mmene ine ndimazisankhira.

Yoyamba ndi yosavuta moti ambiri saiganizira: funsani ngati pulogalamuyo ili ndi mtundu wina womangidwira Linux wanu. Ambiri opanga mapulogalamu amaika mafayilo angapo, a 20.04 pawokha, a 22.04 pawokha. Ena ali ndi Flatpak kapena Snap, amene amabwera ndi malaibulale awoawo. Ngati source, malemba amene pulogalamu imamangidwa kuchokera, ilipo, kuimanga pa makina anu omwewo kumathetsa dandaulolo, chifukwa imadzimangira pa glibc imene yapeza. Safunsa anadya phula.

Yachiwiri ndi container. Docker kapena Podman amakupatsani kachipinda ka Ubuntu watsopano mkati mwa wakale, ndi glibc yakeyake, osakhudza mzati wa nyumba:

`docker run -it --rm -v "$PWD":/ntchito ubuntu:22.04 bash`

Kachithunzi ka Ubuntu kameneka n'kochepa, kutsitsa kwake ndi pafupifupi 30 MB, bandulo simva kuwawa. Kwa mapulogalamu a pa terminal ndi a pa seva njira iyi ndi imene ndimayamba nayo. A mawindo amafuna kukonza kowonjezera, ndipo chida chotchedwa Distrobox chimapeputsa zimenezo.

Yachitatu ndiyo yokhalitsa: kukweza Ubuntu yense. Ngati mukadali pa 20.04, chithandizo chake chanthawi zonse chinatha mu May 2025, ndiye mulimonse muyenera kusamuka. Ikani kaye ma update onse a mtundu muli nawowo, yatsaninso, kenaka:

`sudo do-release-upgrade`

Mumakwera sitepe imodziimodzi, kuchoka pa 20.04 kupita pa 22.04, kenaka 24.04, osadumpha. Lamuloli limakuuzani kuchuluka kwa zotsitsa lisanayambe, ndipo pa kompyuta ya mawindo zimakhala zambiri ndithu, muwerengere bandulo. Mukaliyendetsa pa SSH limatsegula khomo lina lapadera pa port 1022 kuti mukhale ndi polowera loyamba likatsekeka. Zonse zija za backup, UPS ndi terminal ya root zikufunika kuno kuposa kwina kulikonse, poti ntchitoyi imatha ola kapena kuposa pa makina okalamba.

Chimene simuyenera kuchita ndi kutenga gwero la Ubuntu watsopano kapena Debian testing n'kuliika m'makina akale kuti mungokokako `libc6` yokha. Zimaoneka ngati zatheka tsiku loyamba. Kenaka phukusi lililonse limene mungaike limayamba kukoka anzake a ku mtundu watsopano, ndipo mumatsala ndi makina osadziwika mtundu, amene palibe angakuthandizeni kuwakonza. Kubwerera m'mbuyo pa glibc n'kovuta kwambiri kuposa kupita kutsogolo.

Pali njira yachinayi ya amene afika pothina, kumanga glibc ina pambali. Imatheka, koma mumvetse malamulo ake. Mukatsitsa source yake, imamangidwira mu foda yapadera, ndipo imaikidwa kumalo kwakekwake:

`mkdir build && cd build`

`../glibc-2.35/configure --prefix=/opt/glibc-2.35`

`make -j4 && sudo make install`

Pa `--prefix` musalembe `/usr`, mukatero mwalemba pamwamba pa mzati. Ngakhale `/usr/local` eni ake amakaniza, ndipo `configure` amaima n'kukuchenjezani. Musasake njira yozembera chenjezolo. Musaikenso foda yatsopanoyo mu `LD_LIBRARY_PATH` ya makina onse kapena mu `/etc/ld.so.conf`, chifukwa mukatero wonyamula wakale uja adzanyamula laibulale yatsopano ndipo lamulo lililonse lidzangoti `Segmentation fault`. Pulogalamu imodzi yokhayo ndi imene muziiyendetsa ndi wonyamula watsopano:

`/opt/glibc-2.35/lib/ld-linux-x86-64.so.2 --library-path /opt/glibc-2.35/lib:/usr/lib/x86_64-linux-gnu ./pulogalamu`

Mukumbukire kuti glibc yomanga nokhayi palibe adzaisokere zigamba, ndi katundu wanu. Ine ndinachitapo kawiri kokha, ndipo ulendo wachiwiri ndinazindikira kuti container ikanandipulumutsira madzulo onse.

Kwa amene muli ndi PostgreSQL

Ili ndi dzenje lobisika ndi udzu. glibc ndi imenenso imauza mapulogalamu kasanjidwe ka mawu, kuti liti libwere patsogolo pa linzake. Mu mtundu wa 2.28, umene unatuluka mu August 2018, malamulo a kasanjidweka anasintha kwambiri. Yesani izi pa makina akale ndi atsopano:

`( echo "1-1"; echo "11" ) | LC_COLLATE=en_US.UTF-8 sort`

Pa glibc yakale `11` amabwera pamwamba, pa 2.28 kupita m'tsogolo `1-1` ndiye amatsogola. Zikuoneka zachibwana, koma PostgreSQL, pulogalamu ya database, amamanga ma index ake, mindandanda yosakira msanga, potsatira kasanjidwe kameneka. Mukadutsa malire a 2.28, monga kuchoka pa Ubuntu 18.04 kupita pa 20.04 kapena kuchoka pa CentOS 7, database imadzuka bwinobwino osadandaula, koma ikhoza kulephera kupeza dzina limene lilimo, kapena kulola nambala ya membala kulowa kawiri. Ganizirani kaundula wa alimi wodzadza ndi manambala a timizere ndi maina a nkhodolero, n'kumapereka ngongole ya feteleza pa kaundula wotero. Musanakweze tengani `pg_dump`. Mukakweza, anthu asanayambe kulemba kanthu, yendetsani `REINDEX DATABASE` pa database iliyonse.

Zikavuta

Ngati magetsi anadula ntchito koma makina akudzukabe, kapena terminal ikumvabe:

`sudo dpkg --configure -a`

`sudo apt-get -f install`

Nthawi zambiri zimathera pomwepa.

Ngati malamulo agona koma terminal ya root ija ikadali chotsegula, musazimitse. Gwiritsani ntchito BusyBox kubweza chimene chinasunthidwa:

`busybox mv /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6.old /lib/x86_64-linux-gnu/libc.so.6`

Ngati mulibe terminal ya root, kapena munazimitsa kale ndipo poyatsa mukulandiridwa ndi `Kernel panic - not syncing: Attempted to kill init!`, yafika nthawi ya fulashi. Dzutsirani kompyuta pa fulashi, sankhani kuyesa osati kuika, tsegulani terminal. `lsblk` akuonetsani magawo a disiki; pezani lalikulu limene muli Linux wanu, tiyerekeze kuti ndi `sda2`:

`sudo mount /dev/sda2 /mnt`

Ngati vuto ndi dzina losinthidwa chabe, libwezeni ndi `mv` mkati mwa `/mnt/lib/x86_64-linux-gnu/`. Ngati mafayilo anaonongeka, ambiri amathamangira `chroot`, lamulo lolowera mu Linux wa pa disiki muli pa fulashi, koma `chroot` akana, chifukwa `bash` wa mkatimo akufunanso glibc yomwe yafayo. Muyenera kuyamba mwathira mafayilo abwino kuchokera panja, pogwiritsa ntchito `.deb` munasunga uja:

`dpkg-deb --fsys-tarfile libc6_*.deb | sudo tar -x --keep-directory-symlink -C /mnt`

Mawu akuti `--keep-directory-symlink` musawasiye. Pa Ubuntu ndi Debian a masiku ano `/lib` si foda yeniyeni, ndi cholozera ku `/usr/lib`. Mukamasula phukusi mosasamala, cholozeracho chikhoza kufafanizidwa n'kukhala foda yokhala ndi mafayilo ochepa okha, ndipo mwaonjezera bala pa bala.

Zikatero lowani mkati kuti `dpkg` amalize ntchito yake mwadongosolo:

`for d in dev proc sys; do sudo mount --bind /$d /mnt/$d; done`

`sudo chroot /mnt`

`dpkg --configure -a`

Tulukani ndi `exit`, chotsani fulashi, yatsaninso. Makina akadzuka ndipo intaneti ilipo, malizani ndi `sudo apt-get install --reinstall libc6` kuti zolemba za `dpkg` zigwirizane ndi zimene zili pa disiki.

Ku Bembeke kuja mnyamata anali atazimitsa kale ndi batani usiku womwewo, poganiza kuti mwina ikagona idzadzuka bwino. Ndinafika m'mawa nkhungu isanachoke, zala zitauma pa kabaza, ndinapeza mayi msungichuma akhala pa benchi ndi buku lawo la ngongole pamiyendo, akuyang'ana sikirini yakuda ya mawu oyera. Sanandifunse zambiri. Anangoti, "Bambo, maina a anthu alimo?" Ndinati alimo, mayi, palibe chafufutika.

Pa Ubuntu 20.04 `libc.so.6` ndi cholozera chabe ku fayilo ya `libc-2.31.so`, ndiye chimene mnyamata anasuntha chinali kacholozerako, fayilo yeniyeni inali pamalo pake. Ndinamupatsa mpando kuti alembe yekha: `lsblk`, `mount`, `mv`. Kudikira fulashi kuti idzuke pa kompyuta yokalambayo kunatenga nthawi yaitali kuposa kukonzako. Pulogalamu yake ija tinaiyendetsa mu container tsiku lomwelo, ndipo Loweruka lotsatira tinabwereka jenereta n'kukweza makina onse kupita pa 22.04, terminal ya root ili chotsegula pakona. Fulashi ija ndinaisiya komweko, mayi msungichuma anaimangirira pa chingwe cha makiyi a kabati.